Lipoti la ngozi ya pamsewu wa I-35W ku Fort Worth: ayezi amene palibe anamuona

Ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kuno kumpoto kwa England, ndipo ambiri mwa ophunzira anga ndi akwathu: a ku Malawi, a ku Chipata, ena a ku Harare ndi Bulawayo amene agogo awo anachokera ku Nyasaland. Ochuluka amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo, ntchito yodzuka kusanache n'kumazungulira khomo ndi khomo pagalimoto. Novembala akamatha ndimakhala nawo pansi tsiku limodzi osagwira chiwongolero, n'kukambirana ngozi imodzi yokha kuyambira pomwe inayambira mpaka pomwe inathera. Anzanga ena ophunzitsa anandipempha kuti ndiilembe m'Chichewa kuti nawonso aziigwiritsa ntchito, ndiye nayi.

Ndinasankha ngozi ya ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas ku America, chifukwa inafufuzidwa mokwanira ndi bungwe la boma loona za ngozi za maulendo, National Transportation Safety Board, lomwe linatulutsa lipoti lake mu 2023. Chifukwa china n'chakuti Texas ndi dera lotentha, ndipo madalaivala ake ambiri ayezi samudziwa bwino, monga ife.

Malo ake

Msewu wa I-35W umadutsa pakati pa mzinda wa Fort Worth kuchokera kumpoto kulowera kumwera. Pakati pa msewuwo anamangapo mizere yolipira, ya anthu ofuna kuthawa mdipiti wa magalimoto. Yolowera kumwera ndi iwiri, ndipo uku ndi uku kuli chipupa cha konkire. Liwiro lololedwa linali mamailosi 75 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 120. Chakufupi ndi Northside Drive msewuwo umachoka pansi n'kuyenda m'mwamba pamizati, ngati ulalo wautali.

Ndimafuna ophunzira aone kaye chithunzi chimenechi m'mutu. Kwathu galimoto ikakulaka pa M1, mwina uthawira m'tchire kapena m'ngalande, uwononga galimoto koma wam'mbuyo adutsa. Pamenepa panalibe tchire ngakhale ngalande. Galimoto ikaombetsa chipupa imabwerera pamsewu pomwepo n'kuima chopingasa, kudikira yotsatira.

Zomwe zinachitika

Ngoziyi isanachitike, kunazizira kutsika pansi pa madigiri 0 kwa maola 36 otsatizana. A zanyengo anali atachenjeza kale za mvula youndana. Kampani yosamalira mizere yolipirayo, North Tarrant Express Mobility Partners, inathira madzi a mchere pamizereyo kutatsala maola 44 kuti ngozi ichitike. Umu ndi mmene amachitira m'maiko ozizira: madziwo akauma amasiya mchere pamsewu, ndipo chinyezi chikabwera sichifulumira kuundana.

Usiku, kucha kwake kuli pa 11 Febuluwale 2021, kunayamba nkhungu ndi kamvula kowaza, konga chiperoni cha ku Thyolo. Ogwira ntchito a kampaniyo anathira mchere m'malo ena amene anaona kuti pakuterera, koma chigawo cham'mwambacho sanathirepo. Anali atadutsapo pagalimoto kutatsala mphindi pafupifupi 45, anayang'ana ndi maso, sanaone ayezi, n'kupitirira.

Itangokwana 6 koloko m'mawa, Lachinayi, kukadali mdima, magalimoto angapo oyamba anatsetsereka n'kuomba chipupa. Obwera m'mbuyo ataona zimenezo anaponda mabuleki, koma magalimoto sanamve. Ang'onoang'ono, mapikapu, mathiraki onyamula katundu, onse anangobwera n'kumaunjikana, ena kukwerana pamwamba. Magalimoto anakwana 130, ndipo mulu wonsewo unatenga mtunda wa mamita pafupifupi 335, kapena kuti mabwalo a mpira atatu ndi kanthu. Anthu 6 anamwalira, ndipo 36 anatengeredwa kuchipatala. Opulumutsa anthu nawonso ankaterera, moti anachita kuthira mchenga ndi mchere kuti apeze popondapo.

Ofufuza anati chimene chinachititsa ngozi ndi ayezi amene anayala pamsewu wam'mwambawo. Anaonjezera zinthu ziwiri. Choyamba, kampaniyo sinalondoloze bwino mmene msewu unalili pa nthawi ya nkhungu ndi mvula youndanayo. Chachiwiri, madalaivala ankathamanga kuposa mmene nyengo inkafunira, ndipo n'chimene chinakulitsa ngozi.

Chifukwa chake unali ulalo

Funso limene ophunzira amayamba kufunsa n'lakuti, anthuwa anayenda bwinobwino kuchokera kunyumba, nanga bwanji zinavuta pamenepa pokha? Yankho lili m'dothi. Msewu woyala pansi wakhala pa nthaka, ndipo nthaka imasunga kutentha kwa masiku am'mbuyo ngati mbaula yozima imene phulusa lake likadali lofunda. Ulalo ulibe chofunda. Mphepo yozizira imaudutsa pamwamba, m'mbali ndi kunsi komwe, ndiye umazizira msanga kuposa msewu wolowera pa ulalowo. Pambuyo pa maola 36 a chisanu, konkire ija inali ngati chitsulo cha mufiriji. Kadontho kalikonse ka nkhungu kakagwera pamenepo kankaundana nthawi yomweyo.

Ayezi wotereyu sakhala woyera. Ndi wopyapyala ndiponso woonekera, ngati vanishi patebulo, moti umaona mtundu wa msewu kunsi kwake. N'chifukwa chake azungu amamutcha black ice. Usiku, ndi magetsi a galimoto, msewu umaoneka wouma kapena wonyowa pang'ono. Chipale chofewa chili ndi ubwino umodzi, chimaoneka, ndipo aliyense akachiona amachita mantha n'kuchepetsa liwiro. Ayeziyu saopseza munthu.

Apa ndi pamene ine ndimakhalitsa, chifukwa ndimaona kuti anthu awiri osiyana analakwitsa chinthu chimodzi. Wantchito wa kampani anayang'ana msewu n'kunena kuti uli bwino. Dalaivala anayang'ana msewu womwewo n'kunena kuti uli bwino. Onse anafunsa maso funso limene maso sangathe kuyankha. Sindikuona ulesi mwa ogwira ntchitowo. Anali panja usiku wonse m'chisanu, akuzungulira. Koma chida chimene anali nacho chinali chosayenera ntchitoyo, ndipo ngakhale akanaona bwino chotani, mphindi 45 ndi nthawi yokwanira kuti nkhungu iyale ayezi pamalo amene anali ouma. N'chifukwa chake ofufuza analimbikitsa zoika makina oyeza kuzizira ndi chinyezi cha msewu weniweniwo, kuphunzitsa bwino ogwira ntchito, ndi zikwangwani za liwiro zotha kusintha malinga ndi nyengo. Mu 2023 nyumba ya malamulo ya Texas inavomereza lamulo lolola kutsitsa liwiro kwa kanthawi nyengo ikaipa.

Nkhani ya liwiro

Anthu akamva kuti "ankathamanga" amaganiza za anyamata opikisana. Ayi. Awa anali anthu opita kuntchito, ena a iwo ogwira m'zipatala, pamsewu umene chikwangwani chake chinkawauza kuti 75 n'zololeka. Chikwangwanicho chinalembedwera tsiku la dzuwa, ndipo m'mawa umenewo chinkanenabe zomwezo.

Ndimawerengera pabolodi motere. Pa makilomita 120 pa ola, galimoto imayenda mamita 33 pa sekondi iliyonse. Pa tara wouma, ndi matayala abwino, kuchokera pomwe waponda mabuleki kufika pomwe waima ndi mamita pafupifupi 80. Pa ayezi wosalala tayala limangogwira pang'ono zedi, ndipo mtunda womwewo umapitirira mamita 500. Tsono taonani: mulu wonse wa ku Fort Worth unali mamita 335. Munthu amene anaona magetsi ofiira ali patali mamita 200, n'kuponda mabuleki nthawi yomweyo osachedwa, anakafikabe pa muluwo ali paliwiro loopsa. Sanalakwitse chilichonse pa masekondi omalizawo. Nkhani inali itatha kale pamene ankakwera ulalo ali pa 120.

Tikatsika n'kufika pa makilomita 50 pa ola, liwiro la m'tauni, pa ayezi pamafunikabe mamita pafupifupi 100. Kutanthauza kuti 50 pa ayezi ndi yovuta kuimitsa kuposa 120 pouma. Ophunzira akamva zimenezi amakhala chete pang'ono, kenako wina amafunsa ngati ndalakwitsa masamu. Buku la malamulo a pamsewu la kuno, Highway Code, pa lamulo 230 limanena kuti mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi. Ambiri anaziloweza kuti akhoze mayeso olemba, koma sanaziikepo m'mamita.

Pamakhalanso mnyamata mmodzi chaka chilichonse amene amati yake ndi 4x4. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imathandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda. Poima ilibe mwayi uliwonse, chifukwa galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi. Choipa n'chakuti imanyamuka mosavuta n'kumunamiza mwiniwake kuti msewu ukugwira. Ku Texas mapikapu akuluakulu ndi mbwee, ndipo m'zithunzi za ngoziyi alimo ambiri.

Awiri amene anatuluka

Mwa anthu 6 omwalirawo, 4 anafera m'magalimoto awo, ndipo 2 anagundidwa ali pamsewu atatuluka. Gawo ili ndi limene limandivuta kuphunzitsa, chifukwa ophunzira amafuna lamulo limodzi, "khala" kapena "tuluka", pomwe ngoziyi inapha okhala ndi otuluka omwe.

Chimene ndimawauza n'chakuti malo oipitsitsa ndi pakati: kuima pamsewu pambali pa galimoto, kuona chomwe chaphwanyika, kujambula, kukambirana ndi amene wakugunda. Kwathu ndi mwambo umenewu, ukagundana umatuluka n'kuyamba kukambirana pomwepo. Pa ayezi sungathe ngakhale kuthawa, miyendo yako ili pa therere lomwe lija limene lagonjetsa matayala. Ngati pali njira yofupika yodutsa chitsulo cha m'mbali n'kukaima kutali, cham'mbuyo kwa pomwe magalimoto angakankhidwire, pita msanga. Ngati palibe, khala ndi lamba wako, yatsa mahazadi, imba 999. Ndipo usanadumphe chipupa chilichonse mumdima, yang'ana kaye kuseri kwake. Pa msewu wam'mwamba kuseri kwa chipupa kukhoza kukhala phompho.

Zomwe zinandichitikira ndi wophunzira wanga

Ndiike pano kankhani kanga, chifukwa n'kosavuta kuloza chala anthu a ku Texas uli pampando wofunda.

Ndinali ndi mayi wina wa ku Blantyre amene anayendetsa zaka zoposa khumi kumudzi, wodziwa kulimbana ndi maminibasi a ku Limbe. Chiphaso cha ku Malawi chimaloledwa kuno kwa miyezi 12 yokha, ndipo sichisinthidwa ngati cha ku Zimbabwe kapena South Africa, ndiye ankakonzekera mayeso. Tsiku lina la mu Januwale tinanyamuka cha m'ma 7 koloko m'mawa. Kunja kunali kowala bwino, kopanda mtambo, nyenyezi zikuzimirira. Padashibodi panayaka kachizindikiro ka chipale chofewa, ndipo nambala inali madigiri 2. Ndinaiona. Mumtima ndinati 2 sindiye 0, ndipo msewu waukulu umene tinalipo unali wothiridwa mchere, timibulu take tofiirira tikuoneka m'mphepete.

Tinakhotera m'kamsewu kakumbali kamene kamadutsa pa kaulalo ka ngalande, pansi pa mitengo, n'kutsikira pamphambano. Makhonsolo kuno amathira mchere m'misewu ikuluikulu ndi yodutsa mabasi, tinjira ngati timeneti ambiri satifika. Titangokwera kaulaloko phokoso la matayala linatha. Ndi chinthu chovuta kuchifotokoza kwa amene sanachimve. Kaphokoso ka "shhh" kamene sumadziwa n'komwe kuti ukukamva kamangoti zii, ngati wina wazimitsa wailesi m'chipinda china. Mayiyo anaona mzere wa pamphambano n'kuponda mabuleki monga mwa masiku onse. Chopondera chinayamba kunjenjemera n'kumamumenya kuphazi, gu-gu-gu, ndipo anachotsa phazi n'kukuwa, "Aphunzitsi, mabuleki athyoka!"

Ndinaponda anga a mbali yanga n'kukanikiza osasiya. Tinatsetsereka mwakachetechete, pang'onopang'ono ngati bwato, n'kukaima titadutsa mzere ndi utali wa galimoto yathunthu. Sikunkabwera kanthu. Pakanadutsa basi, bwenzi lipotili akulemba ndi munthu wina.

Titaima pambali ndinamuuza kuti, "Achemwali, palibe chathyoka, imeneyo ndi ABS." Ndi makina amene amagwira n'kumasula mabuleki kambirimbiri pa sekondi kuti matayala asaume n'kumangokwekwereka, kuti uzithabe kukhota. Akayamba kunjenjemera ndiye kuti akugwira ntchito, ndipo phazi liyenera kukhala pomwepo. Mayiyu anali atayendetsa magalimoto a ABS zaka zonsezo, koma anali asanawamvepo akudzuka. Ndinatuluka n'kupalasa phazi pa tara. Ankaoneka wouma, koma nsapato inangoti seee.

Cholakwa chinali changa. Kachida ka galimoto kamayeza mpweya, osati msewu. Usiku wopanda mitambo msewu umataya kutentha kwake n'kuzizira kuposa mpweya wa pamwamba pake, n'chifukwa chake opanga magalimoto amayatsa chenjezo pa madigiri 3 kapena 4, osadikira 0. Zonsezi ndinkazidziwa ndipo ndinkaziphunzitsa. Koma ndinayang'ana msewu, unaoneka bwino, ndipo ndinakhulupirira maso mofanana ndi aja anadutsa pa I-35W kutatsala mphindi 45.

Zomwe ndinasintha

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuphunzitsa anthu "kuona ayezi". Ndimawaphunzitsa kumuyembekezera. Wophunzira asanalize injini amandiuza zinthu ziwiri: nambala ya padashibodi, ndiponso ngati anachita kupala galasi lakutsogolo m'mawawo. Ngati galasi linali ndi ayezi kapena nambala ili pa 4 kutsika, timatchula limodzi malo a m'njira yathu amene tiziwatenga ngati oundana ngakhale aoneke ouma bwanji: maulalo, pansi pa mitengo, m'zigwa mmene mphepo yozizira imadikha, pamene madzi a m'munda amadutsa msewu, ndi tinjira tosathiridwa mchere. Liwiro limatsika tisanafike pamalopo, msewu ukadali wowongoka. Pa ulalo penipeni phazi siliponda moto kwambiri, siliponda mabuleki, ndipo manja sagwedeza chiwongolero. Makina osunga liwiro okha aja, cruise control, timazimitsa.

Zina zonse zili m'lamulo 231 ndipo sindizitalikitsa: giya yokwererapo, kunyamuka mofatsa, kumaliza mabuleki usanalowe pokhota. Kumbuyo kwa galimoto kukayamba kuthawira kumanja, chotsa phazi pamoto n'kutembenuzira chiwongolero kumanja komweko pang'ono. Ndimaphunzitsa zimenezi, koma sindinamiza munthu kuti zidzamupulumutsa. Pa ayezi weniweni, pa liwiro lalikulu, ngakhale katswiri amangokhala ngati wokwera. Matayala ndiwo ndimawayang'ana ndekha. Lamulo limalola mizere yakuya mamilimita 1.6, koma tayala lotere m'nyengo yozizira ndi chipala. Akwathu ambiri amagula galimoto yotchipa atangofika, ndipo matayala ake amakhala ali pomwepo pamalire.

M'mawa woyamba wa chisanu ndimatengera wophunzira aliyense pamalo oimikapo magalimoto opanda anthu, n'kumuuza aponde mabuleki mwamphamvu ali pa liwiro la munthu wothamanga. Ndimafuna phazi lake limve kunjenjemera kuja pamalo opanda basi. Ambiri amachotsa phazi ulendo woyamba, ena mpaka wachitatu.

Anzathu oyendetsa mathiraki opita ku Durban asaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Ulaya kokha. Mu Sepitembala 2024 chipale chofewa chinatseka msewu wa N3 cha ku Van Reenen ku South Africa, ndipo anthu anagona m'magalimoto usiku wonse. Dera limenelo ndi lokwera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa kumatha kuzizira kufika poundanitsa madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ngati mphunzitsi sindingathe kukonza. Ngozi ya ku Fort Worth inachitika 6 koloko m'mawa, nthawi ya anthu othamangira shifiti. Ophunzira anga ambiri amandionetsa ndandanda ya ntchito pafoni: gogo woyamba 7:00, wachiwiri 7:35 kumudzi wina, ndipo nthawi yoyenda imene anapatsidwa ndi ya tsiku la dzuwa. Highway Code imati kukakhala ayezi usayende pokhapokha ulendo uli wofunika, koma gogo wodikira mankhwala ndi chakudya cham'mawa ndi ulendo wofunika. Munthu amene chitupa chake chokhalira m'dziko chili m'manja mwa bwana wake sayankha zambiri. Ndimawalangiza kuti akaona chenjezo la a zanyengo a kuno, Met Office, usiku, atumize uthenga ku ofesi nthawi yomweyo, wolemba osati wapakamwa, wonena kuti mawa achedwa pakhomo lililonse chifukwa cha ayezi, kuti ofesi idziwitse mabanja. Maofesi ena amamva n'kusintha ndandanda. Ena amangoyankha kuti yesetsani.

Mayi uja anakhoza mayeso m'mwezi wa Malichi. Nyengo yozizira yotsatira ananditumizira chithunzi cha dashibodi yake, nambala ili pa 1, ali chiimire pakhomo pa gogo wachiwiri atachedwa ndi mphindi 20. Ndandanda yake ya sabata imeneyo inali yomwe ija.